Kupemphera uku ukuthamanga muno mu Joni: mmene ine ndimachitira

Lamulungu lapitali ndafunsidwanso, ulendo uno ndi mayi wina wa Mvano titangotuluka m'tchalitchi: "Achimwene, akuti inu mumapemphera muli pa liwiro. Nanga mumatsinzina bwanji?" Tinaseka tonse. Koma funso lomweli landipeza pa maliro, kometetsa ku Yeoville, ndi pa WhatsApp usiku ndili m'tulo. Ndatopa nako kuyankha mwapatalipatali nditaimirira panjira, ndiye ndalemba pano kamodzi, kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira.

Ine si mbusa, komanso si mphunzitsi wa masewera. Ndinayamba kuthamanga chifukwa tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi. Wina ankagwira ntchito ya ulonda nkumabwera m'mawa, wina wailesi yake sinkazima, wina foni ya kumudzi inkalira nthawi iliyonse. Kwathu munthu ukafuna kukhala wekha umatenga khasu nkulowera kudimba, palibe amakufunsa. Kuno malo okhawo amene ndinapeza opanda wondiyankhulitsa ndi msewu, mbandakucha. Pemphero linabwera pambuyo, litapeza malo.

Ndipo si zachilendo ayi. Abale athu achisilamu akapita ku Haji amayenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa, ndipo pachigawo china amuna amathamanga pokumbukira Hajara akufunira mwana wake madzi. Ku Japan, pa phiri la Hiei, kuli amonke amene amazungulira phirilo masiku 1,000 m'zaka 7 ngati njira yawo yopembedzera. Pa 1 Mafumu 18:46, Eliya anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu mpaka ku Yezreeli. Ife tikungoyamba ndi mphindi 20.

1. Yambani ndi thupi, ndipo muyambe mochititsa manyazi

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ndi Lilongwe zili cha m'ma 1,000, ndipo kwa inu a ku Nsanje, Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja kusiyanako ndi kwakukulu kuposa apa. Mpweya kuno ndi wopepuka. Munthu amene ankamenya mpira mphindi 90 pa bwalo la kumudzi amadabwa ali wefuwefu asanafike ndi pa loboti yachiwiri. Simunalodzedwe, ndi mtunda.

Sabata ziwiri kapena zitatu zoyambirira chitani chonchi: thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, mubwereze mpaka zikwane mphindi 20. Katatu pa sabata, mukudumphitsa tsiku pakati. Kenako muziwonjezera kuthamangako pang'onopang'ono, kuyendako kukuchepa. Choyezera liwiro n'chophweka: ngati simungathe kunena pemphero la Atate athu mokweza osadukiza ndi befu, mwathamangitsa. Chepetsani mpaka agogo opita kokwerera tekisi azioneka ngati akupitirirani. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu, ndipo pano mwambiwo muutenge monga momwe uliri. Munthu wobanika sapemphera, amangowerenga mitengo ya magetsi yotsala.

Amene muli ndi BP, shuga, mphumu, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa, pitani kaye ku kiliniki. Mukhoza kuchita zonse zili m'munsimu mukuyenda ndawala.

2. Njira muyione masana, musanaiponde m'mawa

Sankhani njira imodzi ya makilomita 3 kapena 4 yobwerera pakhomo, ndipo muiyende kaye dzuwa likuswa mtengo. Onani pomwe pali dzenje lopanda chivundikiro, pomwe pali agalu, pomwe magetsi a mumsewu sayaka, pomwe pali garaja yothira mafuta yotsegula usiku wonse yoti mungathawireko. Njira ikhale imodzimodziyo masiku onse oyambirira, chifukwa mutu ukamaganiza zokhotera kuti, mtima sukhazikika. Chimene muzisintha ndi masiku, kuti wina asakuloweze.

Nthawi imasintha ndi nyengo. Mu December dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, mu June limachedwa mpaka cha m'ma 7 koloko. Ine lamulo langa ndi lakuti ndimatuluka anthu a ntchito akayamba kuyenda ndipo matekisi ayamba kuliza mahutala. Msewu wopanda munthu si wa chete woyera, ndi wa matsotsi. Madzulo a dzinja, kuyambira October mpaka March, samalani ndi mphenzi. Mvula ya kuno imasonkhana mwadzidzidzi, ndipo mukamva bingu lowani m'nyumba kapena m'sitolo, osati pansi pa mtengo.

Okhala cha kumpoto ali ndi mwayi: Zoo Lake, Emmarentia Dam, Delta Park, malo a udzu ndi anthu ambiri othamanga. Ife a Yeoville ndi Bellevue timawoloka Louis Botha nkulowa Houghton, komwe kuli chitunda cha Munro Drive. A Rosettenville, Turffontein, Cosmo City kapena Diepsloot funsani amene amathamanga kale m'dera lanulo, amadziwa msewu wabwino kuposa mapu a pa foni. Pa kaphiri ka Yeoville, pafupi ndi thanki ya madzi ija, ndi ku Melville Koppies, mumapezeka anthu ovala zoyera akupemphera, ndipo mtima umakopeka kuti ukathamangire kumeneko. Musapite nokha kumalo a tchire ngati amenewo.

Achemwali, kwa inu ndinena mosapsatira: musathamange nokha kukadali mdima, ngakhale chikhulupiriro chitakula bwanji. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, mugwirizane kuti popita palibe kucheza, nkhani zonse ndi pobwerera.

3. Zovala, foni ndi mapepala

Nsapato zothamangira kuno amati takkies. Simukusowa za masauzande. Pitani ku dunusa, ndiye kaunjika wa kuno, m'tauni cha kufupi ndi Park Station. Pindani nsapatoyo muone ngati pansi pake sipanaume, ndipo ikhale yotsala malo okwana chala chachikulu cha kudzanja kutsogolo kwa zala, chifukwa phazi limafufuma. Yothina imabweretsa matuza ndi zikhadabo zakuda.

Valani zowala, makamaka ngati mukulowa m'mayadi. Mwamuna wovala zakuda, chipewa chophimba nkhope, akuthamanga 5 koloko m'mawa, alonda amamuona ngati wasiya kanthu kumbuyo. Malaya achikasu okha amakusandutsani wa masewera. Tengani fotokope ya pasipoti ndi pemiti m'kapulasitiki, ndi kapepala ka nambala ya munthu woti angaimbiridwe mutagwa.

Foni isiyeni kunyumba. Ndikudziwa, apa ndi pomwe ambiri timakanganirana. "Koma achimwene, ine ndimamvera nyimbo zauzimu." Zabwino, kamvereni mukuchapa. Mahedifoni amakutsekani makutu kuti musamve tekisi kapena mapazi a munthu kumbuyo, ndipo amatsekanso chinthu chimene mwatulukira, chomwe ndifotokoze pa nambala 6.

4. Pageti, imani kaye

Musanaponde msewu imani kwa kamphindi. Nenani mumtima chinthu chimodzi chimene mwanyamula lero: dzina la mwana amene akulemba mayeso, mayi amene ali m'chipatala, kapena kungoti zikomo ndadzuka. Chimodzi chokha. Ambiri amalakwitsa pobwera ndi mndandanda wonse, lenti, fizi, feteleza, pemiti, ngati akupereka madandaulo kwa mfumu. Mndandandawo uli ndi nthawi yake mutagwada. Pamsewu miyendo imanyamula mtolo umodzi.

5. Mangirirani mawu ku mpweya

Mphindi 5 zoyamba musavutike ndi kalikonse, thupi limakhala likudandaula, mawondo akulira ngati chitseko. Likatenthera, yambani kuwerenga mapazi: atatu mukukoka mpweya, atatu mukuutulutsa. Chichewa chathu chimathandiza pamenepa, chifukwa mawu ambiri opempherera amagawika patatu. A-mbu-ye pokoka, chi-fu-ndo potulutsa. Kapena zi-ko-mo, zi-ko-mo. Phazi lililonse litenge kachidutswa kake. Pa chitunda mpweya umafupika, ndiye mumatsikira pa awiri: Ye-su, kapena Mbu-ye mukulimeza. Mnzanga wina wa ku Mangochi amene amakhala ku Mayfair amatuluka akangomaliza swala ya mbandakucha ya Fajr, ndipo amagwiritsa ntchito zikiri yake, Subhanallah ndi Alhamdulillah, akuwerenga ndi zala. Akatolika ena amanyamula kakolona ka pachala.

Mawuwo akhale afupi ndipo musawasinthesinthe. Salimo lonse lathunthu limafuna mutu, ndipo mutu ukatanganidwa ndi kukumbukira ndime yotsatira mwayamba mayeso a Sande sukulu. Sabata yoyamba zimamveka zopusa, ngati mwana woloweza alifabeti. Pitirizani. Pakapita nthawi mawu aja amayamba kudziyendera okha, inu nkumangowamva.

Kuyankha funso la amayi aja: maso ali chitsegukire. Yang'anani mamita angapo patsogolo, pa loboti imani, munthu akakupatsani moni wa "sharp" muyankheni. Kwathu anatiphunzitsa kuti kupemphera ndi kutsinzina, koma kuno ndaphunzira kuti tcheru ndi pemphero zimagona nyumba imodzi. Ukamaona bwino msewu umaonanso mayi akuyatsa mbaula yokazingira magwinya, mandasi a kuno, anyamata akukoka ngolo za mabotolo ndi makatoni kutsetsereka nazo, mbalame zaphokoso zija amati hadeda, ndi maluwa a jakaranda mu October atayala msewu ngati ku Blantyre. Maluwawo akanyowa amaterera, pondani mosamala.

6. Chitsime chikavunduka

Apa ndi pomwe ambiri amasiyira, ndipo ndi pomwe olangiza ambiri sanenapo kanthu. Amakuuzani kuti kuthamanga kumayeretsa maganizo. Kumayeretsa, inde, koma monga momwe timayeretsera chitsime: matope amayamba abwera pamwamba.

Pakati pa mphindi 10 ndi 20, thupi litazolowera ndipo mulibe foni yoti muthawireko, zinthu zimene mwakhala mukuzipondereza ndi ntchito zimadzuka. Mawu amene bwana anakunenani pamaso pa anthu. Dzina lija lakuti kwerekwere limene munalimeza mu tekisi osayankha. Ngongole. Maliro amene simunapiteko chifukwa mapepala sanali bwino. Mwana amene munamusiya akukwawa ndipo pano amakuyankhulani pa foni mwaulemu ngati mlendo. Mawu aja a A-mbu-ye amasowa osadziwa kuti asowa liti, ndipo mumapezeka mwathamanga kilomita yonse mukuzenga mlandu m'mutu, inu woweruza, inu mboni. Munthu amabwerera kunyumba nkunena kuti zandikanika, Satana wandisokoneza, kapena ine ndilibe mphatso imeneyi.

Sizinakanike. Ntchito yeniyeni yayambira pamenepo. Ine ndimachita motere.

Choyamba, ndimayang'ana thupi, chifukwa limaulula msanga kuposa mutu. Zibakera zafumbatika, mapewa akwera kufika m'makutu, nsagwada zalumana, ndipo liwiro lakwera ndisanalamule. Mkwiyo umathamangitsa. Ndimatambasula zala, kugwetsa mapewa, nkuchepetsa liwiro dala, ngakhale kufika poyenda.

Chachiwiri, ganizolo ndimalitchula dzina, liwu limodzi, motsitsa koma ndi pakamwa: ngongole. Manyazi. Nsanje. Amayi. Osalikalipira, osalithamangitsa ndi mfuu. Chinthu chotchulidwa dzina chimachepa msinkhu, ngati galu wa aneba amene wamudziwa.

Chachitatu, ndimalipatsa malire. Kuchokera pa mtengo wa magetsi uwu kufika pa wachitatu, ndiliganiza ndithu, pamaso pa Mulungu, mopanda kukometsera. Ndikafika pa mtengowo ndimabwerera ku mapazi: atatu kukoka, atatu kutulutsa. Likabweranso, ndipo limabweradi, ndimachitanso chimodzimodzi. Tsiku lina mudzabwerera kawiri, tsiku lina ka 30. Musawerengere ngati zigoli zimene mwagoletsedwa. Kubwererako ndiye pempherolo.

Chachinayi ndi chowawa. Ganizo limodzimodzi likakupezani masiku atatu kapena anayi otsatizana, pamalo omwewo, lekani kulitcha chosokoneza. Ndi mlendo amene wakhala akugogoda.

Ine ganizo langa linali la mng'ono wanga. Ndinatumiza ndalama za malata kwa miyezi yambiri, ndikudya pap, nsima ya kuno, ndi kabichi, ndipo nditapempha chithunzi cha nyumba ananditumizira cha zipupa zopanda denga, udzu utamera m'kati. Ndinamutseka pa foni. Zaka ziwiri. Ndiye m'mawa uliwonse, ndikangoyamba kukwera Munro Drive, pomwe msewu umakhota m'mbali mwa mpanda wa miyala uja, mlandu unkayamba. Ndinkamuuza mawu okonzedwa bwino, iye nkusowa poyankha, ine nkufika pamwamba mtima ukugunda m'khosi, ndikudziyesa kuti ndalimba. Anzanga ankanditama kuti chitunda ndimachidya. Sankadziwa kuti akundikoka ndi mkwiyo. Tsiku lina mu July, chisanu chikuluma zala, ndinayesa kutchula dzina la ganizolo, ndikuyembekeza kuti lituluka liwu loti kuba. Linatuluka dzina lake la ubwana, limene amayi ankamuitanira. Ndinaima pakati pa chitunda, manja m'mawondo, ndipo mlonda wina wa pa geti anandifunsa m'Chizulu ngati ndili bwino. Ndinangokweza dzanja.

Ndinamuimbira Loweruka lotsatira. Ndalama sizinabwerere, ndipo sindikunamizani kuti tinalira nkukhululukirana ngati pa sewero. Anayankhula zambiri zozungulira, ine ndinamvetsera theka. Panopa timapatsana moni, ndipo malata ndinatumiza kudzera kwa achemwali athu. Chimene chinasintha n'chakuti chitunda chija ndimakwera mochedwa kuposa kale.

Chenjezo limodzi pano. Ngati zimene zikubwera pamwamba ndi zolemera kwambiri, monga maganizo ofuna kudzipweteka, kapena zinthu zoopsa zimene munaziona pa ulendo wobwera kuno kapena nthawi ya zipolowe, musalimbane nazo nokha pamsewu. Uzani munthu, abusa, shehe, namwino wa ku kiliniki. Kuli bungwe la SADAG lomwe limathandiza pa foni anthu ovutika maganizo. Kuthamanga kumavundukula, koma si nthawi zonse kumene kumamanga bala.

Ndipo masiku ena sikubwera chilichonse, matope ayi, mtendere ayi, miyendo yolemera basi. Ambiri mwa masiku ali otero. Malizani njira yanu, mukasambe.

7. Musathere pa chitseko

Mamita 300 omaliza yendani. Mawu aja asiyeni, mungokhala chete mpweya ukubwerera m'malo. Kumbukirani chinthu chimodzi chija munanyamula pageti, muchitule. Ngati pa nambala 6 patuluka ntchito, yoti muimbire wina, mubweze ndalama, mupepese, ilembeni pa pepala musanayatse foni, chifukwa mauthenga a kumudzi akangolowa zonse zimauluka. Imwani madzi, idyani kanthu.

8. Zolakwika zimene ndaziona, zina ndazichita ndekha

Kuthamanga uli pa kusala kudya. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anagwa tsiku lachitatu la kusala, tinachita kumunyamula. Ngati mukusala osamwa ndi madzi omwe, yendani pang'ono chabe kapena pumulani. Pa Ramadan mnzanga wa ku Mayfair uja amasiya za m'mawa, amangoyenda madzulo akamasula. Eliya yemwe uja, pa 1 Mafumu 19, atathawira m'chipululu nkugona pansi pa mtengo, mngelo sanamuuze kuti athamangenso. Anamupatsa mkate ndi madzi, kawiri konse.

Kusandutsa msewu tchalitchi chako. Kuthamanga sikulowa m'malo mwa kusonkhana ndi anzako Lamulungu kapena Lachisanu. Amene amathamanga yekha nthawi zonse amayamba kudziona woyera kuposa ogona.

Kuika pa status. Makilomita, chithunzi cha thukuta, ndi vesi pansi pake. Ndinachitapo miyezi ingapo, mpaka ndinadzigwira ndili pakati pa njira ndikukonza mawu oti ndikalembe. Werengani Mateyu 6:5-6, ndipo wotchi yoyeza liwiro muziivala masiku ena okha.

Kupikisana ndi kupemphera tsiku limodzi. Zonse ndi zabwino, koma mapanga awiri avumbwitsa. Mukafuna gulu ndi mpikisano, Loweruka 8 koloko m'mawa kuli parkrun, makilomita 5, yaulere, m'mapaki ambiri a mzinda uno. Yoyamba m'dziko muno inayambira ku Delta Park mu 2011, ndipo anaibweretsa ndi Bruce Fordyce, amene anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades ka 9. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti, amakupatsani barcode, ndipo oyenda pansi amalandiridwa chimodzimodzi. Comrades yomweyo, ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, inayamba mu 1921 ngati chikumbutso cha asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye kuthamanga utanyamula dzina la munthu mumtima si nzeru yanga. Koma Loweruka limenelo ine sindiwerenga mapazi. Ndimacheza, ndimapikisana ndi madala ena achizungu amene amandisiya chaka ndi chaka.

Kuumirira thupi likukana. Chimfine chikatsikira m'chifuwa, kapena muli ndi malungo mutangobwera kumene kuchokera kumudzi, kapena bondo likupweteka malo amodzi mpaka kutsimphina, khalani pansi. Amene mwagwira ntchito usiku wonse, kagoneni. Ndipo mu June ndi July, musanagule magolovesi, masokosi akale m'manja amagwira ntchito yomweyo. Ine ndimavala a buluu, lina lili ndi chibowo pa chidendene, chala chachikulu chimatulukira pomwepo.